Zinyalala Zolowa Mozemba

Ku Amereka, kumene nyumba ya malamulo ya ku Washington sinaikebe lamulo limodzi la chikole cha mabotolo, ntchito yosesa m'misewu imagwera boma la chigawo chilichonse palokha, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akuluakulu a ku Oregon, ataona kuti ulaliki wa ukhondo ukugwa pathanthwe, analamula mu 1971 kuti wogula mowa kapena chakumwa choziziritsa kukhosi azisiya masenti 5, amene adzawalandira pobweza botolo kapena chitini. Ndipo taonani, anthu amene msana unkawawawa poona chinyalala anayamba kuwerama mosavuta.

A ku Michigan, posafuna kuchepa, anavota mu 1976 kuti chikole chawo chikhale masenti 10. Koma popeza kuti ku Ohio ndi ku Indiana, zigawo zoyandikana nawo, chitini chopanda kanthu chilibe chikole, ena ochenjera anayamba kulonga zitini m'galimoto, kuwoloka nazo malire mwakachetechete, ndi kukalandira ndalama imene sanaperekepo. Chotero boma lija, limene linayamba ndi kudandaulira ana ake kuti asataye zinyalala, linafika poika chilango cha chindapusa, ngakhale ndende, kwa wobweretsa zinyalala za eni, ngati kuti ndi minyanga ya njovu.

Inu owerenga, musawalirire akuluakuluwo: munthu akachita ulesi osabweza botolo, gawo lalikulu la chikole chake limalowa m'thumba la boma la Michigan lomwelo.