Tivule Zipewa, Tayala Lam'kati Likuphwa

Pa matayala 22 amene amanyamula hosi ndi thirela yake, lilipo limodzi loyenera ulemu wapadera. Sindikunena lophulika lija, ayi. Lophulika n'lamwano: limangoti phuu pakati pa msewu, nkhuku kubalalika, zidutswa za mphira mbwee pa phula, amayi ogulitsa tomato n'kuyamba kuitana Yesu. Ndikunena lija loleredwa bwino, lotaya mpweya pang'onopang'ono osadzutsa munthu. Madzulo ulipope mpaka geji iloze pa 8, m'mawa ulipeza pa 6, lili phee, nkhope yosalakwa.

John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, pomwe ankapangira mwana wake tayala la mpweya mu 1887, ankafuna kuti kanjinga ka mwanayo kasamagwedeze msana. Tizimuthokoza mkuluyu, chifukwa potsekera mpweya mu mphira anatipatsanso ntchito yosatha yoyang'anira kuti usathawe.

Tayala laulemuli limadziwa posankha pokhala. Pa thirela matayala amakhala awiriawiri, ndipo ilo limakonda m'kati, kumene diso silifika. Likayamba kuphwa, mnzake wakunja amasenza katundu wa awiri osadandaula, moti wodutsa amaona zonse zili bwino. N'chifukwa chake madalaivala m'mamawa amazungulira galimoto ndi hamala m'manja, kugogoda tayala lililonse. Lokhuta limayankha ndi mawu omveka, hamala n'kudumpha. Ilo limangoti bu, ngati munthu amene wamudzutsa pakati pa usiku.

Koma ukulu wake weniweni umaoneka ukafika nalo kwa wokonza matayala. Apa ndiye pamene ine ndimagwada. Mnyamata amaika jeke, amamasula manati khumi atapachika chipaipi pa sipanala n'kudumphirapo, amachotsa lakunja, kenako lam'kati. Thukuta kamukamu. Amasungunula sopo m'chigubu, n'kuthira paliponse: pa valavu, m'mbali mwa limu, m'mizere yonse ya tayala. Nonse mumawerama kudikira thovu. Thovu osabwera. Amathiranso. Amaika khutu. Amapaka malovu pa valavu. Tayala limene lakhala likukuberani mpweya kuchokera ku Beira mpaka ku Changara lero lasanduka woyera mtima.

"Bwana, tayala ili n'labwinobwino," amatero mnyamata uja akupukuta manja. "Mwina ndi geji yanu."

Umalipira ya jeke, ya sopo, ya thukuta. Mawa lake geji yomwe ija ikuloza pa 6.

Si ufiti, ngakhale anansi anga amalimbikira kuti alipo wandipondera. Matayala a masiku ano alibe chubu, ndiye kamsomali kakalowa kamatseka kokha bowo lake, n'kumatsegula pokhapokha katundu akapsinja pamalo pomwepo galimoto ikuyenda. Ukalichotsa tayalalo n'kuligoneka pansi, bowo latseka pakamwa. Nthawi zina ndi kamtima ka valavu kamene kamasuka pang'ono, kapena dzimbiri pamene mphira umagundana ndi limu, kapena kapaipi kaja kotalikitsa valavu ya lam'kati kuti pampu ifike. Zinthu zosakwana m'chikhatho zikuimitsa matani 30 a feteleza.

Anansi anga ndawatchula, ndiwathokozenso. Galimoto ikangoima pakhomo, akatswiri amatulukira. Bambo wina amene sanayendetsepo ngakhale wilibala amamenya tayala ndi patapata n'kugamula kuti mpweya ulimo wokwanira. Wina, wa mtima wabwino, anabwera ndi pampu ya njinga. Ndinamusiya apope, chifukwa kukana thandizo n'kunyoza. Anachoka atagwira m'chiuno, ndipo mpaka lero amauza anthu kuti ulendo umenewo ndinauyenda ndi mpweya wake.

Kudekha kwa tayalali kuli ndi malire, ndipo malirewo nthawi zambiri amakhala cha ku Tete, dzuwa likamawotcha phula mu Okutobala. Tayala lopanda mpweya wokwanira limapindika m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, kupindikako kumabala kutentha, ndipo kutenthako kumalekanitsa mphira ndi mawaya a m'kati. Tsiku limenelo laulemu lija limaphulika kuposa lamwano, n'kumenya madigadi, n'kudula paipi ya mabuleki, nthawi zina n'kutenga mnzake wakunja amene analisenzera katundu ulendo wonse. Iwe uli pathengo, sipeya ndi imodzi, bwana pa foni akufunsa chifukwa chake sunaone.

Ukanaona bwanji? Limu imapindika m'maenje omwewa amene chaka ndi chaka timamva pa wailesi kuti akwiriridwa. Ndalama za misewu nazo zinaphunzira kwa tayala lam'kati: amazipopa ndi mwambo waukulu, makamera ali pompo, koma pofika pa dzenje zatsala zogulira mafosholo awiri a dothi, ndipo ofufuza akathira sopo thovu silioneka. Akuluakulu ena amene amayenda pa magalimoto a matayala atsopano nthawi zonse ayenera kuti amadabwa kuti tikulira chiyani.

Munthu mmodzi yekha ndi amene tayalali silimubisira kanthu. Amaima pamsewu ndi yunifolomu, dzanja m'mwamba. Sawerama, sagogoda, geji alibe. Amangoyang'ana thirela ali chapatali n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Adalaiva, lam'kati lija likuoneka lanjala."

Mumakambirana za kutentha kwa dzuwa, za kukwera kwa mitengo, za ana asukulu. Kangachepe kakasintha thumba, amaliyang'ananso tayala lija n'kupeza kuti lakhuta ndithu, popanda pampu, ndipo amakufunira ulendo wabwino.