Dowe Wachitatu

Sewero la pawailesi. Ochita sewero: A PHIRI, mtchona wa ku Leicester amene akumanga nyumba ku Machinjiri, ndi NABANDA, neba wawo, mphunzitsi wopuma ntchito.

(Mmawa. Lole ikukhuthula mchenga. Nkhuku zikubalalika. Chitseko chikumenyetsedwa.)

NABANDA: Iwe dalaivala! Imitsa chilole chakocho! A Phiri! A Phiri inu! Tulukani mudzaone zimene mwandichita!

A PHIRI: (Akuyasamula) Mwadzuka bwanji, anaBanda?

NABANDA: Ndadzuka ndi mchenga mu nkhwani. Maungu anga onse mwawakwirira opanda ndi mwambo wa maliro womwe.

A PHIRI: Aaa, timchenga tomweti? Tichotsa Loweruka.

NABANDA: Loweruka lake liti? Njerwa zija munatsamiritsa pa mpanda wanga munatinso Loweruka. Pano mwaswera makoswe, ndipo makoswewo ali ndi zidzukulu.

A PHIRI: Kwathu ku Leicester neba sakuwa mmawa chonchi. Amalemba kakalata mwaulemu, nkukalowetsa pansi pa chitseko.

NABANDA: Kwanu ku Leicester! Mwatchula nokha. Mubwerera liti kwanuko? Munabwera kudzamanga chiliza cha malemu mayi anu, munati masabata atatu. Ine mpaka ndinakupatsani nkhuku poganiza kuti mlendo ndi mame. Mame anji ofika nawo masana?

A PHIRI: Ndipita tsiku limene ndafuna. Ine si wa mapepala obwereka ayi. Ndinagwira naiti zaka 5 zathunthu, mayeso a Life in the UK ndinakhoza, mafunso 24, ndipo anandipatsa ILR. Chilolezo chokhala mpaka kalekale. Chilibe tsiku lothera.

NABANDA: Chilibe tsiku lothera mukakhala komweko. Mukatuluka, chimayamba kukuwerengerani masiku.

A PHIRI: Wakunamizani ndani?

NABANDA: Munthu wa ILR akakhala kunja kwa Britain kupitirira zaka ziwiri mosalekeza, chilolezocho chimafa chokha. Sakuimbirani foni, sakulemberani kakalata kaulemu kolowetsa pansi pa chitseko. Mumangozindikira pabwalo la ndege, masutikesi mutamanga kale, achibale atabayibitsa kale.

A PHIRI: Inu zimenezi mwazidziwa bwanji? Ulendo wanu wautali ndi wa ku Mwanza kokagula manachesi.

NABANDA: Ndaphunzitsa masamu mpaka kupuma, ndipo kuwerenga ndimatha. Komanso anaJere amandiimbira.

A PHIRI: Akazi anga? Amakuimbirani inu?

NABANDA: Lamulungu lililonse akaweruka kuchipatala. Inu mumati kuno kulibe netiweki. Netiweki imathera pa mpandawu, mbali yanga imakhala ili mbwee.

A PHIRI: (Akutsokomola) Zam'banja tisaziike pa msewu. Ndipo zaka ziwirizo sizinakwane. Dzana lomweli ndinali kukumba fawundeshoni.

NABANDA: Dikirani pomwepo.

(Mapazi. Chitseko. Mapepala akuphupha.)

A PHIRI: Chimenecho nchiyani?

NABANDA: Makalendala a kutchalitchi. Atatu. Tsiku lililonse limene mwandiputa ndimadula kamzere. Munafika mu Malichi, dowe atangoyamba. Munadya wanga, ndinalemba. Chaka chatha munadyanso, mbuzi zanu zikuthandizira. Lero tili mu Febuluwale, chimanga chamasula. Mukangoluma dowe wachitatu muli ku Machinjiri kuno, za ku Leicester muiwale.

A PHIRI: Mizere yonseyi ndi yanga?

NABANDA: Yofiirayo ndi ya mbuzi. Ndipo musawerenge kuyambira tsiku limene munatera pa Chileka. Amawerenga kuyambira tsiku limene munatuluka m'dziko mwawo. Usiku umene munagona pa benchi ku Addis Ababa uli momwemo. Mwatsala ndi masabata atatu.

A PHIRI: Haa! Apa ndiye mwagwa nayo, aphunzitsi. Mwati mosalekeza. Ine ndinalekeza. Chaka chatha ndinapita ku Johannesburg kukagula matailosi. Ndinapitanso ku Dar es Salaam kukatenga galimoto.

NABANDA: Galimoto ili pa njerwa iyo?

A PHIRI: Ikudikira sipeya. Mfundo ndi yakuti ndinatuluka, pasipoti anadinda, masiku anayambiranso pa 1.

NABANDA: Iwo alibe nazo ntchito zoti mwatuluka m'Malawi. Akufuna mapazi anu aponde kwawoko. Ireland ndi tizilumba tawo tapafupi amationa ngati pakhomo pomwepo, koma Joni ayi. Kodi Dar es Salaam inasamukira liti ku Ulaya?

A PHIRI: Chabwino. Nthaka ya Britain ndinaipondanso. Ndinapita ku ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe.

NABANDA: Munalowa?

A PHIRI: Ndinaima pa geti. Phazi limodzi linali mkati ndithu. Mbendera yawo inali kupepera pamutu panga penipeni.

NABANDA: Ngakhale mukanalowa nkumwa tiyi ndi kazembeyo, Lilongwe ndi Lilongwe. Phazi limodzilo likapiteni lokha, enanu mutsale.

A PHIRI: Nanga Blantyre? Dzina la mzinda unowu linachokera ku Scotland, kumudzi kumene anabadwira David Livingstone mu 1813. Akandifunsa kuti munali kuti, ndidzati ndinali ku Blantyre. Bodza lili pati?

NABANDA: Adzakufunsani kuti dzuwa lokuwambani chonchi linawala liti ku Scotland. Ndiye adzatsegula pasipoti nkuona chidindo cha pa Chileka. Kunamiza a imigireshoni ndi mlandu wina pawokha, a Phiri, woposa wa maungu angawa.

A PHIRI: Inu mukungolankhula. Umboni ndili nawo m'thumbamu. (Chikwama chikutsegulidwa) Nali khadi. Onani nkhope. Onani suti.

NABANDA: Munali onenepa. Bweretsani kuno, magalasi ndavala. Apa palembedwa chiyani?

A PHIRI: Ndi manambala a boma amenewo.

NABANDA: Palembedwa 31 Disembala 2024. Makhadi amenewa anatha ntchito. Chilolezo chenichenicho anachisamutsira pa intaneti, akuti eVisa. Mumatsegula akaunti, nkuilumikiza ndi pasipoti yanu. A ndege amayang'ana mu kompyuta. Khadi ili likhoza kukuthandizani kupalira mamba a chambo.

A PHIRI: Akauntiyo ananditsegulira mwana wanga. Zonse zili m'malo.

NABANDA: Ndi pasipoti iti? Paja munasintha pasipoti chaka chatha, tsiku lija munabwerako ku imigireshoni mukutukwana mzere. Yatsopanoyo munailembetsa mu akauntimo?

A PHIRI: (Mwakachetechete) Imafunikanso kulembetsa?

NABANDA: Mayo ine! Ndiye kuti ndidzakalamba nanu.

A PHIRI: Tsono ngati chafa, chafa. Ndikapempha china. Amandidziwa kumene kuja. Woyendetsa basi ya ku ntchito amandipatsa moni ndi dzina.

NABANDA: Njira ilipo, koma ndi yokwera. Pali viza ya obwerera, Returning Resident. Mumapempha muli konkuno, musanakwere ndege. Mulipire mapaundi oposa 600. Mukadinde zala ku Lilongwe. Akakuunikeni m'chifuwa ngati mulibe TB, ndipo ndi fumbi la simenti mukumezali sindikudziwa kuti akaonamo chiyani. Kenaka muwatsimikizire kuti moyo wanu uli kwawoko, ndi kufotokoza chimene chinakusungani kuno. Wina amati ndinkadwazika mayi anga, nawa makalata a kuchipatala. Inu mukalemba kuti chiyani? Ndinkalimbana ndi neba za mpanda?

A PHIRI: Ndikalemba kuti chitukuko.

NABANDA: Chitukuko chofika pa lintala zaka ziwiri. Ndipo akhoza kukukanani, ndalama osabweza.

A PHIRI: Azungu amenewa ndi ankhanza.

NABANDA: Amenewa ndiye ofatsa. Mwana wa achimwene anga anali ndi green card ya ku America. Kumeneko ukangotha chaka uli kunja wopanda chilolezo chobwererera, khadi lokha silikulowetsanso. Chilolezocho umapempha usananyamuke, ndipo chimagwira mpaka zaka ziwiri. Iyeyo anabwera kudzayamba ulimi wa nkhumba, osapempha kanthu. Pano nkhumba zinatha ndi chigodola, iye ali pa kabaza ku Lunzu. Ku Canada amafuna masiku 730 pa zaka 5 zilizonse uli m'dzikomo. Ngakhale pa Joni pomwepa, wa chilolezo chokhazikika akasowa kupitirira zaka zitatu akhoza kumulanda. Dziko lililonse lili ndi kalendala yake ngati yangayi.

A PHIRI: Inu mukanakhala wa imigireshoni, bwenzi ndege zikuuluka zopanda anthu.

NABANDA: Mukanatenga unzika, bwenzi zonsezi kulibe. Nzika ya Britain ikhoza kukhala ku Machinjiri mpaka kumera mizu, palibe woiwerengera. Akazi anu anatenga. Inu munkadikira chiyani?

A PHIRI: Ine ndine Mmalawi. Sindikanataya dziko la makolo anga chifukwa cha kabuku.

NABANDA: Aphungu anasintha lamulo mu 2018, munthu akhoza kukhala nzika ya maiko awiri. Munali kuti?

A PHIRI: Pa naiti.

NABANDA: Tsono pano mwadzitsekera nokha. Wopempha unzika asakhale atatuluka masiku oposa 450 pa zaka 5 zapitazo, ndipo chaka chomaliza asapitirire masiku 90. Inu mwadutsa 700. Mukabwerera mukakhale phee, mudikire masikuwo afufutike.

(Kachetechete. Mbuzi ikulira chapatali.)

A PHIRI: AnaBanda, tikhale pansi. Nayi ndowa, khalani.

NABANDA: Ndowa yangayi. Inasowa mwezi wa Okutobala.

A PHIRI: Inu simukudziwa kumene kuja. Dzuwa limalowa 4 koloko masana. Umadzuka mdima, kubwerako mdima. Ine bambo wa ndevu zanga, usiku wonse kutembenuza nkhalamba za eni, kuzisambitsa, kuzipukuta. Ukalakwitsa pang'ono, kamwana kobadwa dzulo kakukuitana ndi dzina lako loyamba, popanda ndi "a" yemwe. Kuno ndikangotsokomola, amisiri onse amati "bwana". Wogulitsa nyama amandisungira chiwindi.

NABANDA: Amati "bwana" chifukwa cha mapaundi a anaJere. Mapaundi akadzaleka mudzamva dzina lanu lenileni.

A PHIRI: Nkhani inanso ndi iyi. Nyumbayi ndinayamba kutumizira ndalama kalekale. Mphwanga ankanditumizira zithunzi pa WhatsApp, nyumba yokongola, malata obiriwira. Nditafika ndinapeza kuti ankajambula nyumba ya eni ku Namiwawa. Pano panali chulu ndi chisoso. Ndikangochoka, simenti imera miyendo. Ndisiyire ndani?

NABANDA: Zimenezo ndiye zoona. Matumba ena ankadutsa pakhomo panga pa njinga, ndinalemba.

A PHIRI: Osandiuza?

NABANDA: Tinali tisanayambe kuyankhulana. Munali mutadula nthambi ya mango anga.

A PHIRI: Koma chikundidabwitsa nchimodzi. Inu mumadana nane. Chilolezo changa chikukupwetekerani mutu chifukwa chiyani?

NABANDA: Chikafa, mukhala pano mpaka imfa. Ine ndi BP yangayi sindingathe. Ndakhala ndikusala kudya Lachitatu lililonse kuti mapepala anu akhale amoyo.

A PHIRI: Ndiye ndinu mdani wabwino.

NABANDA: Mverani. Makiyi a stoo mundisiyire ine. Thumba lililonse ndizilemba m'kaundula, lolowa ndi lotuluka. Mmisiri wofika mochedwa azipeza geti nditatseka. Ana a sitandade 8 ankanjenjemera nane, amisiri anuwa ndi chiyani?

A PHIRI: Mwaulere?

NABANDA: Mchenga uchoke lero. Ndowa ibwerere. Mbuzi zipite kumudzi. Ndipo mpanda ubwerere m'mbuyo phazi limodzi, pamene panali chikhomo cha amfumu.

A PHIRI: Theka la phazi.

NABANDA: Phazi lathunthu, langa, nditavala nsapato.

A PHIRI: Chabwino, chabwino. Ndipita. Ndikangoponda pa Heathrow, masiku ayambiranso. Ndikagona masabata awiri, nkubwerera kudzakhoma malata.

NABANDA: Masabata awiri? Ine kusala kudya konse kuja ndikulipidwe masabata awiri?

A PHIRI: Lamulo mwanena nokha, likuti mosalekeza.

NABANDA: Lamulo likhoza kukulolani. AnaJere ndiye sindikudziwa. Akuti pasipoti akaisunga okha, ndipo ntchito akupezerani kale. Tsegulani foniyo tione akaunti, tisanagule tikiti ya ulendo wokathera pa Chileka.

(Kulira kwa mabatani a foni.)

A PHIRI: Bandulo yatha.

NABANDA: Nayi yanga. Ndilemba. Lowetsani nambala ya khadi lakalelo ndi tsiku lobadwa. Lenileni, osati lija mumauza atsikana a pa golosale.

A PHIRI: Yalowa. Ikuti yatumiza nambala yachinsinsi ku foni yothera ndi 47.

NABANDA: Foni yake iti?

A PHIRI: (Mawu atsika) Ya mayi a kunyumba.

NABANDA: Basi tiwaimbire.

A PHIRI: Ayi, dikirani! Panopa kumene kuja ndi mbandakucha, agona. Tiimbe Loweruka.

NABANDA: Ali pa naiti sabata ino, ali maso. Ikuitana.

(Foni ikuitana.)

A PHIRI: AnaBanda, chonde. Mukawauze kuti ndapita ku Njuli kukagula miyala.

NABANDA: Halo, anaJere! Eee, tadzuka. Ali pompano, netiweki yawapeza lero. Ndaika pokweza, yankhulani.

A PHIRI: Halo? Halo, mayi? Mukudukaduka... sindikukumvani bwino...

NABANDA: Akukumvani bwinobwino. Ndawagwira malaya. Yambani ndi nambalayo, zinazo muwakalipire pambuyo.

(Mawu a mayi akukalipa pa foni osapumira. Fosholo ikuyamba kuwola mchenga. Nyimbo yotsekera.)