Chingwe Chachitali: Kasungidwe ka Wosewera Amene Sakusewera

Masewera a pa intaneti a mtundu wa MMORPG, momwe anthu zikwizikwi amakumana m'dziko limodzi lopeka aliyense ndi ngwazi yake, ali ndi vuto limodzi lalikulu, lakuti wosewera ndi munthu. Amagona, amapita kuntchito, amakagona kumaliro, ena mpaka amakwatira. Nthawi yonse imene ali kunja kwa gemu pamakhala ngozi yakuti angazindikire kuti moyo ukuyenda bwinobwino popanda lupanga lake lagolide. Mankhwala ake ndi chimene akatswiri a ntchitoyi amachitcha idle progression, kukula kwa chigonere: kukonza gemu mwakuti ngwazi izipitiriza kuphunzira, kuwedza, kukumba miyala ndi kulemera mwini wake ali mtulo. Woweta mbuzi mfundoyi amaidziwa kale. Mbuzi ya chingwe chachifupi imalira mpaka kudula chingwe. Ya chingwe chachitali imadya modekha n'kumadziyesa mfulu, koma madzulo imapezeka pachikhomo chomwe chija.

Wopanga gemu ayambe wadziwa chimene akuyeza. Chisangalalo cha munthu sichilowa bwino m'matebulo, choncho makampani amawerenga obwerera. Mwa anthu amene ayamba lero, ndi angati abwere mawa, ndi angati pa tsiku la 7, ndi angati pa tsiku la 30? Manambalawa amatchedwa D1, D7 ndi D30, ndipo ubwino wake ndi wakuti safunsa chimene chamubweretsa munthu. Wobwera akumwetulira ndi wobwera akutukwana amalembedwa mofanana, monga momwe kaundula wa m'kalasi salekanitsira mwana womvetsera ndi wowodzera.

Phunziro loyamba ndi lakuti chilango chikasinthidwa dzina chimasanduka mphatso. Kampani ya Blizzard ikuyesa World of Warcraft, isanaitulutse mu 2004, idaika lamulo lakuti munthu akasewera nthawi yaitali, mapointi amene ngwazi yake imapeza popha zilombo azitsika kufika pa theka. Oyesawo adakwiya. Monga adafotokozera pambuyo pake Rob Pardo, mmodzi wa akuluakulu okonza gemuyo, masamu adakhala omwewo koma chikwangwani chidasintha. Theka lija lidatchedwa mlingo wa masiku onse, ndipo mlingo wakale udapatsidwa dzina lakuti bonasi ya wopuma, ya 200 peresenti. Anthu omwe aja adaomba m'manja. Ngwazi yosiyidwa m'nyumba ya alendo inkaunjika bonasiyo pang'onopang'ono maola 8 aliwonse, n'kudzaza pakatha masiku 10. Wogulitsa zitenje amene amayamba wakweza mtengo kuti kenako "achotsereko" kasitomala angaone kuti uyu ndi mbale wake wa bere limodzi. Kuyambira pamenepo kusasewera kudakhala mbali ya kusewera, ndipo munthu ankatseka kompyuta ali kale ndi chifukwa chodzaitsegulira.

Wofuna kuona lusoli litakhwima ayang'ane ku Reykjavik, ku Iceland, kumene CCP Games idatulutsa EVE Online mu 2003. M'gemuyi woyendetsa chombo cha m'mlengalenga saphunzira luso pochita kanthu. Amangosankha luso, wotchi n'kuyamba kuyenda, kaya iye ali pa kompyuta kaya ali ku ukwati. Luso lililonse lili ndi masitepe 5. Loyamba limatha m'mphindi kapena maola ochepa, lomaliza la maluso akuluakulu limadya mwezi wathunthu ngakhale kupitirira, ndipo kuti munthu amalize maluso onse pamafunika zaka zoposa 20. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. CCP idangoonjezapo kuti kudekhako kuzilipiridwa mwezi ndi mwezi. Kwa zaka pafupifupi 6 zoyambirira munalibe mzere woikamo maluso otsatira. Luso likatha 3 koloko usiku wotchi inkaima, motero azibambo ndi ndevu zawo ankatchera alamu, kudzuka, kudina kamodzi, n'kubwerera m'bulangete ngati wochokera kokazonda mwana wodwala. Mzere udabwera mu 2009, ndipo poyamba unkangolola maola 24, kuopa kuti wosewera angazolowere tulo. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 2008, kampaniyo idali itatseka kabowo kena. Ochenjera ankaika luso lalitali, kusiya kulipira, n'kudzabwera litapsa. Mchitidwewu udathetsedwa, pakuti mwini ngwazi ndi wololedwa kugona, koma chikwama chake ayi.

Chinsinsi chenicheni chili pachikhomo. Mphatso ya chigonere isakhale yopanda malire, chifukwa munthu wodziwa kuti chuma chake chikuunjikana mpaka kalekale adzabwera pa Khirisimasi. Nkhokwe ikhale yaing'ono, izidzaza msanga, ndipo ikadzaza zotsalazo zizitayika iye akudziwa. AFK Arena, imene Lilith Games ya ku China idafalitsa padziko lonse mu 2019, idaika kusakhalapo pa dzina penipeni, popeza AFK ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena kuti munthu sali pa kiyibodi. Komabe bokosi lake la mphatso linkasiya kulandira pakatha maola 12. Mu Final Fantasy XIV wosewera amatuma antchito ake ulendo wa ola limodzi kapena wa maola 18, ndipo akabwerako amangoima chilili kudikira bwana kuti awatumenso. Nambala ya 18 njochenjera. Siikwana tsiku lathunthu, choncho wobwera kamodzi patsiku mtima umamugunda kuti wataya maola 6. Kwa ouma mtima, amene izi siziwagwedeza, pali ndodo. Mbewu za mu FarmVille ya Zynga, ya 2009, zinkafota zikachedwa kukololedwa. Mu Final Fantasy XIV momwemo, nyumba imene mwini wake sanalowemo masiku 45 imagwetsedwa, malowo n'kugulitsidwa kwa wina. Palibe nyakwawa amene adalandapo malo mofulumira chotero.

Njira ina, yokondedwa ku South Korea, ndi yosalola kompyuta kuzima. Mu Black Desert Online ya Pearl Abyss ngwazi imawedza yokha, imaphunzitsa hatchi yokha mozungulirazungulira, imapera tirigu yokha, bola gemu ikhale yotsegula ngakhale itabisidwa pakona pa sikirini. Bilu ya magetsi imagwera wosewera. Kuonjezera apo, mlendo wolowa koyamba akafika pagombe la Velia amapeza khamu la asodzi litandanda, n'kuganiza kuti wafika kwa anthu. Akapereka moni mpamene amazindikira kuti waima pakati pa zoopsezera mbalame. Ragnarok Online ya 2002 idali italambula kale njirayi, pomwe msewu wa mumzinda wa Prontera unkadzaza ndi mavenda okhala pansi ndi zikwangwani zawo, eni ake ali m'kalasi. Koma zoopsezera mbalame nazo zimadya malo pa seva. Mu 2021, osewera Final Fantasy XIV atachuluka kuposa mphamvu ya maseva, kampani yake ya Square Enix inkatulutsa aliyense wokhala mphindi 30 osagwedezeka.

Anthu akazolowera kudikira, nthawi yotsegula sitolo yakwana. Kampani imakumba dzenje pamsewu, kenako n'kuima pambali ndi thabwa la hayala. Thumba la msodzi wa mu Black Desert limadzaza kusanache, ndipo malo oonjezera m'thumbamo amagulidwa ndi ndalama zenizeni. Mu 2016 EVE Online idalola kuti luso lizipopedwa m'mutu mwa ngwazi ina n'kubayidwa mwa ina ngati jekeseni, chopoperacho chikugulidwa ku kampani. Zaka zimene ena adadikira ndi alamu zidapezeka pamsika. Masewera a pafoni ndiwo adaifikitsa njirayi kumapeto. Lineage 2: Revolution ya Netmarble, ya 2016, idabwera ndi batani lotuma ngwazi kuyenda, kumenya ndi kulandira malipiro payokha. Wosewera amasanduka mlimi wa patelefoni, wokhala m'tauni, wongofunsa ngati zikuyenda kumundako n'kutumiza ya feteleza.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Mu November 2014 Blizzard idatulutsa Warlords of Draenor, gawo latsopano la World of Warcraft, momwe wosewera aliyense adapatsidwa linga lakelake, la mgodi, dimba la zitsamba, ndi tebulo lotumirapo asilikali ku maulendo a maola angapo. Olipira pamwezi adakwera kupitirira 10 miliyoni. Posakhalitsa anthu adaona kuti golide ndi zida zikubwera zokha iwo ali khale m'linga, ndipo mizinda imene kale munali piringupiringu idati zii. Pofika pakati pa 2015 olipira adatsala 5.6 miliyoni. Mlandu si wa linga lokha, popeza zochita zatsopano zidachedwanso kubwera, koma lingalo lidaonetsa pothera pa lusoli. Chimene chimamanga munthu kwambiri m'gemu ya anthu ambiri ndi anzake omudikira Lachitatu usiku kuti akagwetse chinjoka, pomwe tebulo silikwiya munthu akajomba. Vuto la manambala otsikawo Blizzard idalithetsa mwaukatswiri woyenera kutengera: kumapeto kwa 2015 idaleka kuwalengeza. Mu 2016 tebulo longa lija idaliika pafoni, kuti wosewera azitha kutuma asilikali ali pamzere wa kubanki.

Onyoza asaopedwe, chifukwa amachitira makampani kafukufuku waulere. Mu 2002 Eric Fredricksen adapanga Progress Quest pofuna kuseka masewera a MMORPG onga EverQuest. Munthu amasankha ngwazi, kenako n'kumangoonerera timizere tikudzaza, popanda chodina. Anthu adaikonda, mpaka kumapikisana kuti ngwazi ya ndani yakwera kwambiri, kutanthauza kuti ndani waisiya yotsegula nthawi yaitali. Mu 2010 Ian Bogost, amene panthawiyo adali mphunzitsi wa pa yunivesite ya Georgia Tech, adaika Cow Clicker pa Facebook pofuna kuchititsa manyazi masewera onga FarmVille. Munali chithunzi cha ng'ombe chololedwa kudinidwa kamodzi pa maola 6, ndipo wosaleza mtima ankalipira kuti adine msanga. Anthu zikwi makumi angapo adalowa, ena n'kulipiradi. Mu 2011 Bogost, atatopa nazo, adachotsa ng'ombe zonse n'kusiya bwalo lokha. Ena adapitiriza kubwera pa nthawi yake, maola 6 aliwonse, kudzadina pamalo pamene padali ng'ombe. Wopanga gemu amene bajeti yamuthina angayambire pamenepa pochepetsa ojambula zithunzi.