Malonje a Bambo ls

Kuofesi kwathu ndine "katswiri wa makompyuta", udindo umene anandipatsa chifukwa choti ndimavala magalasi basi. Malipiro ake ndi kukalipiridwa. Mwezi uno chondikalipitsa ndi zilembo ziwiri zokha: ls.

Kwa osadziwa, ls ndi lamulo limene umalemba pa Linux kuti uone mafayilo amene ali mufoda. Si mwana ayi. Anabadwira ku Bell Labs pamodzi ndi Unix, ndipo pofika 1971 anali atalowa kale m'buku la malangizo, ndiye tiziti Bambo ls. Mafayilo akakhala pakompyuta yako yomweyo, bambowa amayankha usanaphethire. Koma athu amagona pa seva, timawafikira kudzera pa NFS, njira imene a Sun Microsystems anabweretsa mu 1984. Apa ndi pamene zimaoneka kuti Bambo ls analeredwa bwino mopyola muyeso.

Sadutsa munthu osapereka moni. Ukawatuma ndi -l, amaima pa fayilo iliyonse kuchita malonje: "Mwaswera bwanji? Ndinu a kwa yani? Kukula konseku mwafika pati? Anakugwirani komaliza liti?" Funso liyende pawaya mpaka ku seva, yankho libwerere, ndiye asunthe phazi. Titati moni mmodzi atenge gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, mafayilo 300,000 ndi mphindi 5 zathunthu.

Usawauze za -l, malonje alipobe, pakuti Linux zambiri zinawazoloweza kupaka mayina utoto, mafoda buluu, mapulogalamu wobiriwira, ndipo sangapake asanafunse kuti uyu ndi wa fuko lanji. Chinanso, satulutsa liwu mpaka atazungulira mudzi wonse ndi kundandalika mayina kuyambira A mpaka Z.

Nthawi yonseyo ine ndili duu pampando, dzanja pachibwano, kuyang'ana kamzere kophethira pasikirini yakuda ngati ndikuganiza zozama.

"Zikutheka, achimwene?" amafunsa bwana podutsa.

"Zikutheka, bwana," ndimatero, tiyi atazizira kalekale.

Seva ikangoti zii, nthawi zina ngakhale Ctrl-C samva. Mwana sadula akulu pakamwa.

Akatswiri enieni anayesetsa. NFS yachitatu, ya mu 1995, inabwera ndi READDIRPLUS, moni wa chigulu: mayina ndi mbiri zawo ulendo umodzi. Zinapepukako, koma khamu likachuluka ngakhale "moni nonse" amatenga nthawi. Mankhwala amene ndimadalira ndi mwano: \ls -U. Kamzere kopendekerako kamawavula utoto, -U n'kuwaletsa kundandalika, ndipo mayina amatuluka msanga. Amayi atamva kuti ndimadyera kuphunzitsa munthu wamkulu kudutsa osalonjera, angandilande magalasi.

Tsopano akuluakulu akuti tigule seva yatsopano ndi intaneti yamphamvu. Kukulitsa msewu sikufupikitsa malonje. Vuto ndi lakuti chikalata chilichonse chojambulidwa chiyambire ofesiyi chinatayidwa mufoda imodzi yotchedwa "zatsopano". Kugawa mafayilo amenewa chaka ndi chaka, mwezi ndi mwezi, sikufuna ndi tambala yomwe, ndipo n'chifukwa chake palibe akukufuna: kulibe makotesheni, kulibe msonkhano wa kunyanja, kulibe alawansi.

Bambo ls ndi osalakwa. Inu amene mumasaina macheke, tiyambe takonza mafoda, za seva tikambe pambuyo.