Khutu si geji, ngakhale litakhala langa

Amuna a kuno tili ndi digiri imodzi imene sitinakaitenge ku Bunda, yodziwa matenda a injini pongomvetsera. Galimoto ikakana kulira pamsika wa Mitundu timaizungulira manja ali kumbuyo, aliyense ndi chigamulo chake. Uyu akuti batire, uyo akuti mapulagi, wina petulo wa m'zigubu, ndipo wobwera mochedwa akuti mwiniwake akafunse bwino kumudzi. Ine amene chuma changa chonse cha mateyala ndi njinga yakapalasa ndimakuwa kuposa onse, mankhwala anga ndi amodzimodzi chaka chonse: tiyeni tiikankhe. Komatu ilipo nthenda imene kukankha sikuchiza, kutha kwa kompulesheni, ndipo mlandu wanga lero ndi wakuti injini iziyezedwa kaye tisanatume munthu ku Biwi kukagula zitsulo.

Injini imakoka mpweya ndi mafuta, n'kuzipanikiza m'kachipinda kotseka, kenako moto. Zotsekera zikadyeka mpweya umathawa ngati pampu ya njinga yotha chikopa, mupope mpaka thukuta, teyala lili chiphwerere. Mboni yanga ndi injini imene imanyoza khutu kuposa zonse, ya rotary, nzeru za Felix Wankel wa ku Germany, yomwe Mazda inaika mu RX-8 kuyambira 2003 mpaka 2012. Ilibe mapisitoni. Muli zitsulo ziwiri zansonga zitatu zimene zimangozungulira, ndipo pansonga iliyonse pali kachitsulo kotsekera kotchedwa apex seal. Tizitsuloti tikadyeka, galimoto imalira bwinobwino m'mawa, koma ikatentha n'kuizimitsa pa Nathenje kuti mugule tomato, basi yakana, mudikire izizire. Bwalo lathu lija pamenepa limagamula kuti ndi sitata. Utsi nawo sutithandiza, poti injiniyi anaipanga kuti izipsereza oilo pang'ono ngakhale ili yamoyo. Ndiye mbali zopanikiza mpweya zilipo 6, iliyonse ndi nambala yake, ndipo Mazda inaika malire akuti isatsike pa 680 kPa injini ikamazungulira ka 250 pamphindi. Kachitsulo kamodzi kakathyoka kamapha mbali ziwiri nthawi imodzi, pamene geji wamba yoyezera kompulesheni imasunga nambala yokwera yokha, n'kukuuzani kuti zonse zili bwino. Amakaniko odziwa amachotsa kavalavu ka gejiyo n'kumayang'ana muvi: ukadumpha katatu mofanana, zili bwino, ukadumpha kamodzi mwamphamvu ndi kawiri mofooka, yambani kuwerenga mbuzi za m'khola. Ngati geji yeniyeni imatha kunama chonchi, khutu langa limene silimva ngakhale mayi a kunyumba akamaitana lingapose pamenepo?

Mwina muti, RX-8 imeneyo munaiona liti ikudutsa pa Kamuzu Dam? Mwanena zoona, njira ya ku Malingunde ndi ya ma Sienta, ma Probox ndi njinga zamoto za kabaza. Koma fumbi la mu Okutobala silifunsa dzina la injini. Likadutsa pa sefa yong'ambika, kapena imene tinachotsa kuti njinga izipuma bwino, limapala maring'i mwakachetechete mpaka galimoto iyambe kulephera chitunda chimene inkakwera itanyamula matumba a chimanga. Ubwino wake injini ya mapisitoni ndi yosavuta kuifunsa. Itenthe kaye, chotsani mapulagi, yezani silinda iliyonse n'kulemba papepala. Imene yatsika ithireni kasupuni ka oilo pabowo la pulagi, muyezenso. Nambala ikakwera, ndi maring'i. Ikakhala pomwepo, yang'anani mavalavu, ndipo masilinda awiri oyandikana akatsikira limodzi, kayikirani gasiketi.

Ena ati geji ndi yodula, komanso amakaniko akale amadziwa ndi khutu. Akalewo ndimawavulira chipewa, amamvadi sitata ikamazunguza injini mopepuka modabwitsa. Koma khutu limangonena kuti wodwala alipo, silitchula silinda. Za kudulazo, onkhetsani batire yatsopano, mapulagi, sitata ndi thiransipoti yopita m'tauni kukagula chimodzichimodzi, zonse kuikira injini imene vuto lake lili m'kati, mundiuze chodula n'chiti.

Chotsutsa chimene chimandikhalitsa pansi ndi chakuti nambala nayo imafuna mutu. Batire ikakhala yofooka injini imazungulira pang'onopang'ono ndipo geji imawerenga zotsika. Kuwonjezera apo kuno tili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, moti nambala imatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Makaniko wongoloweza nambala ya m'buku la ku Japan osaganizira zimenezi angathe kuigamula ovaholo injini yabwinobwino, mwiniwake n'kugulitsa belo la fodya, ife tili pambali kuvomereza kuti tinaimva kalekale.