Chikomekome cha Lifulekita

Agogo anga aakazi anali ndi mwambi umodzi umene ankasendera chilichonse, ngati kampeni ka kukhitchini. Mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta atavala suti yobwereka, iwo ankangoti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Wandale akabwera ndi nsalu ndi shuga, mawu omwewo. Ngakhale wailesi imene amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni inalandiridwa ndi mwambi womwewo. Itafa patangotha masabata atatu, agogo sananene kanthu. Anangotsina fodya wawo n'kununkhiza, nkhope ili ngati ya munthu amene wawina mlandu kwa amfumu.

Mwambiwu unandibwerera m'mawa wina wa mu Julayi nditaima pa siteji ya kabaza wa njinga zamoto pa boma la Dedza. Amene sanagonepo ku Dedza m'nyengo imeneyi asamanene kuti amadziwa chisanu. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo phiri limene laiyang'anira limafika mamita 2,198. Tsiku limenelo phirilo silinkaoneka n'komwe. Nkhungu inali itatsika, yameza mitengo ya paini, yameza masitolo, yameza ndi agalu omwe. Chimene chinkaoneka ndi mzere wa malifulekita basi: achikasu, obiriwira, ofiirira ngati lalanje, ali ndandanda m'mbali mwa msewu ngati nkhuyu zakupsa panthambi.

Ndinasankha yowala kwambiri. Inali yatsopano, mizere ya mopinda isanafafanike. Mumtima ndinati munthu wosamala chovala chotere ndiye kuti amasamalanso moyo.

"Madala, tikupita kuti?"

"Kwa Bembeke, achimwene."

"Kwerani, mufika musanazizidwe."

Nditayandikira ndi pamene ndinayamba kuona nyerere. Galasi lakumanzere panalibe. Lakumanja linalipo, koma linatembenuzidwa kuti mwini wake azionera nkhope yake. Indiketa imodzi inkalendewera pawaya ngati bango lomwe ana alephera kuligwetsa. Helemeti inalipo imodzi, yokolekedwa pa chiwongolero, m'kati mwake muli foni ndi mandasi awiri okulunga m'pepala. Nditafunsa za yanga, mnyamatayo anandiyang'ana imvi nati, "Madala, mutu wanu unakhwima kalekale."

Komabe nkhuyu tisaiweruze tisanaimve. Kufiira kwake kuli ndi ntchito: kumaitana mbalame ndi apusi kuti aione, aidye, akamwaze njere kutali. Ntchito imeneyo nkhuyu imaigwira bwino ndithu. Sinalonjezepo munthu kuti m'kati muli uchi. Ndife anthu amene timaona kufiirako n'kudzilonjeza tokha, kenako tikapeza tizilombo timayamba kupeka miyambi. Lifulekita nayo chimodzimodzi. Imangonena mawu awiri: "Ndioneni, ndilipo." Funso ndi lakuti kodi mawu awiriwo amapulumutsa munthu?

Alipo anthu amene anakhala pansi n'kuwerengera. Ku Auckland, m'dziko la New Zealand, ofufuza anayerekeza oyendetsa njinga zamoto oposa 400 amene anavulala kapena kufa pangozi ndi anzawo oposa 1,200 amene ankangodziyendera bwinobwino m'misewu yomweyo. Zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2004 m'magazini ya madokotala ya BMJ. Ovala zowala anali ndi chiopsezo chotsika ndi 37 peresenti. Oyatsa nyali masana, 27 peresenti. Ngakhale mtundu wa helemeti unali ndi mbali yake: yoyera inaposa yakuda ndi 24 peresenti. Manambala amenewa si ochepa, ndipo amene amati lifulekita ndi yongokongoletsa akunamizira nkhuyu.

Koma ine ndili ndi kachikayiko kanga. Munthu wa ku Auckland amene ankavala lifulekita popanda womukakamiza ndi munthu wa mtundu wina wake. Ndi uja amene amayesa mabuleki asanatuluke pageti, amene amamwa tiyi anzake akumwa kachasu, amene mkazi wake amadziwa ola limene afike. Ofufuza amayesetsa kuchotsera zinthu zoterezi powerengera, koma khalidwe la munthu silichoka lonse papepala. Mwina chinampulumutsa ndi nsalu, mwina ndi mtima umene unasankha nsaluyo. Kwathu kuno lifulekita siisankhidwa ndi mtima. Imasankhidwa ndi lodibuloko imene ili kutsogolo. Mnyamata wanga uja anandiuza yekha, tikutuluka m'tauni, kuti anaigula dzulo lake chifukwa yakale inathawa ndi mnzake, ndipo popanda iyo apolisi apamsewu amakuona msanga. Ndinaseka ndekha kumbuyoko. Chovala chimene anachipanga kuti munthu azioneka, ife timachivala kuti tisaonedwe.

Ndiye pali nkhani ya mmene chinthucho chimagwirira ntchito, imene ambiri ovala sanauzidwepo. Lifulekita ndi zinthu ziwiri zosokedwa pamodzi. Nsalu yachikasuyo ndi ya masana: utoto wake umatenga kuwala kwina kwa dzuwa kumene maso athu sakuona, n'kukusandutsa kuwala kooneka. N'chifukwa chake imachita ngati ikuyaka mbandakucha, madzulo, ndi mu nkhungu ngati ya ku Dedza. Dzuwa likalowa, utotowo umapita kukagona. Nsaluyo imasanduka malaya wamba. Usiku ntchito ndi ya timalamba totuwa tija. M'menemo muli timikanda tagalasi tating'onoting'ono timene timabweza kuwala komwe kwachokera, monga amachitira maso a mphaka kapena a mbuzi ukawaunika ndi tochi. Tanthauzo lake n'lakuti lifulekita ilibe moto wakewake. Imapempha moto kwa galimoto imene ikubwera. Lole ikabwera ndi diso limodzi, imakubwezera theka. Ngolo ya ng'ombe ikatulukira kuchokera m'munda wa kachewere, ilibe choti ibwereke, ndipo ng'ombe siziwerenga malifulekita. Timikandato timathothokanso. Chapani kangapo ndi sopo wa m'mbale, pukutirani tcheni, khalirani pamaliro, yanikani padzuwa miyezi isanu ndi umodzi: chotsala ndi chiguduli cha mtundu wa phala la mgaiwa, chimene mwini wake amachitchabe lifulekita chifukwa cha ulemu.

Tinalowa mu M1. Aliyense wodziwa msewu umenewu akudziwa kuti kuchokera pa Dedza kulowera ku Ntcheu pali malo amene dzanja limodzi ndi Malawi, linalo Mozambique, ndipo njinga zambiri zimene zili m'misewu yathu zinalowera mbali zomwezi, zina mpaka lero sizinaonepo nambala. Zimapikisana ndi mabasi a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, malole a katundu, maminibasi, ndi amayi osenza kabichi. M'chipwirikiti chimenechi ndinayamba kuwerenga ovala malifulekita. Wogulitsa mayunitsi wavala. Wodula ziphaso zamsika wavala. Wokonza msewu wavala, woitanira minibasi wavala, wa chitetezo cha m'mudzi wavala. Ku tchalitchi kwathu olozera anthu pokhala amavala, ndipo pamaliro a msuweni wanga amene ankagawa nsima anavala, kuopa kugundidwa ndi ndiwo kapena. Mbidzi imodzi pakati pa ng'ombe imaoneka patali. Mbidzi zikwi ziwiri zikakhala pamodzi, diso limangoona mizere. Dalaivala wochokera ku Lilongwe amene wadutsa pa Nathenje, pa Linthipe ndi pa Chimbiya wakhuta kale chikasu. Pofika pa Dedza, ubongo wake unasiya kuwerenga.

Ubongo ndiye mwini nkhani. M'chaka cha 1999 akatswiri awiri a maganizo a munthu ku yunivesite ya Harvard, Daniel Simons ndi Christopher Chabris, anaonetsa anthu kanema wa achinyamata akuponyerana mpira, n'kuwauza kuti awerenge kuti ovala zoyera aponyerana kangati. Pakati pa masewerawo munthu wovala ngati chinyani chachikulu chija amati gorila anadutsa pakati penipeni. Pafupifupi theka la oonerawo sanachione. Chinyani chathunthu, masana, pamaso pawo! Diso limaona chimene mutu ukufunafuna. Dalaivala amene akufuna kulowa mumsewu waukulu amafunafuna basi ndi lole, zinthu zimene zingamuphe iyeyo. Njinga yamoto ndi yopyapyala, liwiro lake n'lovuta kuliyeza ikamabwera molunjika, ndipo siingamuphe. Ndiye amatulukira, kenako amatsika manja ali kumutu: "Sindinamuone, anangotulukira!" Mawu amenewa amanenedwa m'zinenero zonse za padziko, ndipo nthawi zambiri wonenayo sakunama.

Kafukufuku amene amandiseketsa kwambiri ndi wa ku England, wa Ian Walker wa ku yunivesite ya Bath ndi anzake, amene anasindikizidwa m'chaka cha 2014. Mmodzi wa iwo ankapalasa njinga yakapalasa atavala zovala zosiyanasiyana, kachipangizo kakuyeza mpata umene magalimoto oposa 5,000 ankamusiyira pomupitirira. Zovala zowala sizinasinthe kwenikweni mpatawo. Chimene chinasinthako ndi chovala chimodzi chokha: cholembedwa dzina la apolisi ndi chenjezo lakuti kamera ikujambula. Azungu nawonso, abale anga, ndi anthu ngati ife. Kukuona amakuona, koma kuti akupatse ulemu, mpaka aganize kuti ungawalipiritse.

Zonsezi n'zokhudza ngozi isanachitike. Ikachitika, lifulekita imakhala yamaliza ntchito yake. Chimene ingathandize n'chakuti okutola asavutike kukufunafuna m'tchire. Apa mpamene pamafunika chija chinali kusunga mandasi. Ofufuza a bungwe la Cochrane atasonkhanitsa kafukufuku wambiri anapeza kuti helemeti imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi pafupifupi 42 peresenti, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 peresenti. Koma helemeti ndi yodula, ndi yolemera, imatentha mu Okutobala, imaononga tsitsi la amayi amene angochoka ku saluni, ndipo pasenjala aliyense amaopa nsabwe za amene anavala dzulo. Lifulekita ndi yotchipa, yopepuka, ndipo imaoneka patali kwa amene akufuna kuona kuti lamulo likutsatidwa. Tinasankha khungu la nkhuyu chifukwa ndi limene limaoneka pachithunzi. Aliyense amene analowapo m'chipinda cha othyoka mafupa pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, miyendo ili m'mwamba ngati nsungwi zoyanika, akudziwa kumene nkhani za kabaza zambiri zimathera.

Sindikuwanyoza anyamatawa. Popanda iwo kachewere wa kwa Bembeke sangafike pamsewu, mayi wodwala sangafike kuchipatala usiku, ndipo ine ndikanayenda wapansi mu chisanu chija. Ambiri njinga si yawo. Mwini wake amadikira ndalama yake madzulo, kaya kwagwa mvula kaya mafuta asowa. Munthu wotero ukamuuza kuti kuthamanga sikufika, amakuyankha kuti kuchedwanso sikudyetsa ana.

Tili pakati pa ulendo, nkhungu inakhuthala. Kumbuyo kwathu kunamveka kulira kwa lole, kenako hutala imene inandigwedeza mpaka m'chiwindi. Inatipitirira pafupi kwambiri moti mphepo yake inatikankhira kumiyala ya m'mbali, mnyamata uja akukwekwereza nsapato pansi kuthandizira buleki. Titaima, iye anatukwana pang'ono, ine ndinapemphera pang'ono, kenako anati, "Koma madalaivala enawa! Lifulekita yatsopano ngati imeneyi osaiona?"

Ndi pamene ndinadziyang'ana. Ndinali nditavala chijasi chakuda chofika m'maondo, chija ndinagula pa kaunjika, chipewa chakuda cha ubweya, ndi chikwama chakuda kumsana. Kumbuyo kwanga, pa keriyala, anali atamangirira thumba la makala loti akatule kwa mlamu wake. Lifulekita yonse ija, ndi timikanda take tonse, inali itapanikizika pakati pa msana wake ndi mimba yanga. Amene ankaiona ndi mabatani a jasi langa okha. Dalaivala wa lole uja chimene anaona, ngati anaona kanthu, ndi mulu wakuda ukuyenda mu nkhungu, wopanda ngakhale getsi lofiira lakumbuyo, pakuti nalonso linali litapuma pantchito. Agogo akanakhalapo akanasokonezeka: nkhuyu ya masiku ano chikomekome chili m'kati, nyerere ili kunja, yavala jasi, ndipo yalipira ulendo.

"Achimwene," ndinatero, "bwanji lifulekitayo ndivale ine, popeza ndine ndili kumbuyo?"

Anandiyang'ana ngati ndamupempha mkazi wake.

"Madala, nanga akatiimitsa kutsogoloku, adziwa bwanji kuti woyendetsa ndi ndani?"

Tinakambirana kwa kanthawi, magalimoto akutiwomba mphepo. Pomaliza tinagwirizana kuti tiiveke thumba la makala. Linakwana bwinobwino, mapewa ndi chiuno momwe, ndipo tinalowa kwa Bembeke tili atatu, wowala yekha ali makala. Pa mtengo wa ulendo anaonjezerapo K500, ati ya kuchapitsa.