Kamba Wodya Moto Akadzafika pa Bwana Mkubwa

Ku Japan kuli kamba wamtali mamita 60, wa mano awiri otulukira kunja ngati a njiri. Nsima yake ndi moto, ndipo akamva ludzu amamwa mafuta. Dzina lake ndi Gamera. Ine ndamdziwira ku ukalamba kuno pa foni ya mdzukulu wanga, koma mwiniwakeyo anabadwa mu 1965 ku kampani ya mafilimu ya Daiei, imene inkapsa mtima poona anzawo a Toho akukolola ndalama ndi Godzilla chiyambire 1954. Anzathu ali ndi buluzi, nanga ife? Anagwirizana za kamba, ntchito n'kuipereka kwa Noriaki Yuasa.

M'filimu yoyambayo kambayu ali mtulo pansi pa madzi oundana kumpoto kwenikweni kwa dziko, osaputa munthu. Ndege yonyamula bomba la atomiki igwera pomwepo, iye n'kudzuka ndi njala ndiponso mkwiyo. Apo ndinamumvetsa. Inenso ndimadzuka choncho.

Asilikali anayesa mizinga, osadziwa kuti akumupakulira chakudya. Kenako anamuziziritsa ndi mabomba, n'kuphulitsa pansi kuti agwe chagada. Aliyense wokulira ku Katete amadziwa kuti kamba akagwa chagada mlandu watha, chotsala n'kufuna mchere. Koma uyu anangolowetsa mutu ndi miyendo m'chigoba, m'mabowomo munayamba kutuluka moto, iye n'kuzungulira, kuzungulira, mpaka anauluka asilikali ali kukamwa yasa. Kamba wa m'nthano za agogo anachita kubwereka nthenga kwa mbalame, ndipo tonse tikudziwa mmene chigoba chake chinabwererako.

Chimene chinandisowetsa tulo n'china. Gamera atalowa mu Tokyo anakakhazikika pamalo oyengera mafuta, ndipo akuluakulu ankamutumizira matanki pa njanji kuti azimwa, asamapondeponde nyumba za anthu. Tsono taganizani kumene ife tikukhala, pa Bwana Mkubwa. Fakitale yoyengera mafuta ya Indeni ili pakhomo pathu pompano chiyambire 1973. Paipi ya mafuta ya TAZAMA yachokera ku Dar es Salaam, makilomita 1,710, ndipo kamba wanzeru akangotuluka m'nyanja n'kuitsatira ndi mphuno, mathero ake ndi pano. Pogona sangavutike. Dzenje la mgodi wathu, umene William Collier anaupeza mu 1902, lingamukwane bwinobwino ndi mlendo yemwe.

Ndinaitanitsa msonkhano pa thaveni, n'kudzisankha ndekha kukhala wapampando wa komiti yoteteza komboni kwa akamba. Wotsutsa panalibe, chifukwa ena onse ankaonera mpira. Mbuya wanga wa Chibemba yekha ndiye anatembenuka, amvekere, "Inu a kum'mawa musatinamize, mwamaliza mbewa, tsopano mukufuna ndiwo yaikulu." Ndinamukumbutsa za anyani amene atha m'mitengo ya kwawo, n'kumuuza kuti pa tsiku la nkhondo iye adzakhale kutsogolo, ine ndidzayendetsa zinthu ndili ku Kapiri Mposhi.

Amene anaononga komiti yanga ndi kamnyamata kena kowerenga nyuzi. Kanati, "Madala, kamba wanuyo wachedwa." Indeni inasiya kuyenga mafuta mu 2021, ndipo kuyambira 2023 m'paipi muja mumabwera dizilo woyenga kale. First Quantum, imene inagula mgodi mu 1996, inagwira zake n'kupita kwina. Phwando lenileni linali mu 1999 pamene moto unabuka pa Indeni, koma chaka chimenecho Gamera anali kalikiliki kumenyana ndi chilombo chotchedwa Iris pa siteshoni ya sitima ku Kyoto. Akadati adye malaiti, mu 2024 chilala chitaphwetsa Kariba akadaonda mpaka chigoba kumukhwepa. Moto wodalirika wotsala m'dera lino ndi wa pa mbaula ya akazi anga, ndipo umenewo sindikumulangiza. Amayi aja amawerenga makala limodzilimodzi.

Nditafufuza bwino mbiri yake, mantha anasanduka chisoni. Kamba ameneyu ndi mnzathu wa ku Copperbelt. Anagwira ntchito mokhulupirika chaka ndi chaka, kumenya Barugon, kumenya Gyaos, magazi obiriwira chuchuchu, kenako mu 1971 kampani inagwa, iye n'kukhala pakhomo. Mu 1980 anamuitana kaganyu, koma filimuyo inali yongolumikiza zidutswa za ndewu zake zakale. Ndi mmenenso ndimachezera ine pa thaveni: nkhani zanga zonse ndi za nthawi imene ndinali pa ntchito, ndimangosintha poyambira. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anamuitananso mu 1995, Shusuke Kaneko n'kumupangira mafilimu atatu apamwamba, ndipo mu 2023 anafika mpaka pa Netflix. Ine foni yanga ikalira amakhala wa kaloba.

Za kalobazo akazi anga ndiwo anaziona msanga. Akuti chigoba ndili nacho kale, ndi bulangeti. Mwini ndalama akangoti odi pa geti, mutu ndi miyendo zimalowa nthawi imodzi, osasiya ngakhale chala. "Atate a ana, chotsala n'kuuluka basi," amatero akubwera kokandinenera bodza kuti ndapita ku Masala.

Ku Japan Gamera amamutcha bwenzi la ana onse, chifukwa ngakhale m'filimu yoyamba, akugwetsa nsanja younikira zombo, anawakha kamnyamata kokonda akamba kuti kasafe. Nanenso ana a mu komboni amandikonda. Masana wamkulu wopezeka pakhomo ndine ndekha, ndipo pa kantemba ndimawatengera masuwiti pa ngongole. Anandibwezera ulemu dzinja lapitali nditaterereka m'matope kuseri kwa bafa, chidebe m'manja, sopo uko, patapata uko. Ndinagwa chagada, mimba kumwamba. Ndinakumbukira filimu, n'kupinda miyendo, kudikira. Chimene chinatuluka sichinali moto. Anawo anaseka kaye mokwanira, kenako anagwirizana kundikankhira mbali imodzi akuwerenga mokweza, mpaka ndinatembenuka.

Mathero a filimu ya 1965 ndinalakalaka ndikadaonera ndekha. Asayansi a mayiko onse anagwirizana njira yotchedwa Plan Z: anamunyengerera ndi moto mpaka pa chilumba cha Oshima, n'kumutsekera kumutu kwa roketi, ulendo wa ku Mars. Akazi anga, amene nthawi yonseyo ankasankha kapenta osayang'anako, anauza mdzukulu kuti abweze pamenepo aonenso. Anafunsa ngati anabwerako. Mwanayo anati inde, chaka chotsatira chomwe, mwala wa mumlengalenga unagunda roketi iye n'kumasuka.

"Ndinadziwa," anatero. "Oterewa amabwera nthawi ya nsima."

Pofuna kusintha nkhani, ndiponso kuonetsa kuti sukulu ndinapitako, ndinawauza kuti za ku Mars ife a Zambia tinayamba kale a ku Japan asanaganize. Mu 1964 Edward Mukuka Nkoloso anali ataphunzitsa kale achinyamata ake, kuwalowetsa mu mgolo wa mafuta n'kumawagubuduza pa chitunda kuti azolowere za kumwamba.

Anasiya kapenta uja, n'kundiyang'ana kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno.

"Mgolo wake unali waukulu bwanji? Kodi uja wa madzi kuseri sungakwane?"